Wi-Fi sikufika kuchipinda: extender, mesh kapena chingwe?

Musanagule chilichonse, imani pafupi ndi rauta (kabokosi kotulutsa Wi-Fi) muyeze liwiro pa Speedtest (pulogalamu yoyezera liwiro la intaneti), kenako mukayezenso kuchipinda komwe netiweki imavuta. Ngati ikuchedwa ngakhale muli pafupi, nthawi zambiri vuto limakhala kunja kwa nyumba: mwina nsanja ya netiweki ya m'dera lanu imadzaza madzulo anthu akaweruka, kapena bandulo yanu yafika pomwe amachepetsa liwiro. Pamenepo extender, mesh kapena chingwe sizingathandize; chimene mungachite n'kusunthira rauta ya 4G pawindo kapena kuyesa simu khadi ina, ya Airtel kapena TNM, malinga ndi komwe mukukhala.

Koma ngati pabalaza ikuthamanga, kuchipinda n'kumakwawa, ndiye kuti makoma ndi amene akukudyerani. Nyumba zathu zambiri ku Area 25, Area 49 kapena Likuni ndi za njerwa zootcha ndi simenti, zitsulo m'mawindo, malata pamwamba. Wi-Fi imayenda pa mafunde a 5 GHz kapena a 2.4 GHz. A 5 GHz ndi achangu koma amafooka msanga akakumana ndi khoma. A 2.4 GHz amafika patali, koma m'nyumba za lendi zoyandikana aliyense ali pomwepo, ndipo matchanelo (tinjira ta mafundewa) osalowererana ndi atatu okha: 1, 6 ndi 11.

Extender ndi yotchipa, ndipo ndi imene ogulitsa amayamba kukuonetsani. Ine sindiikonda. Imalandira sigino kuchokera ku rauta n'kuitumizanso, ndipo zotsika mtengo zambiri zimachita ntchito ziwirizi pa mafunde amodzi, motero liwiro limatha kutsika pafupifupi ndi theka. Vuto lina n'loti anthu amailumikiza m'chipinda chomwecho chopanda netiweki. Foni imaonetsa timizere todzaza, koma kanema wa pa YouTube n'kumangozungulira. Malo ake ndi pakati, m'kolido, pomwe sigino idakali yamphamvu. Ngati chipinda chovuta ndi chimodzi ndipo mumangofuna WhatsApp, ikukwanirani.

Mesh ndi timabokosi tiwiri kapena titatu togwirira ntchito limodzi pa dzina limodzi, monga TP-Link Deco. Mumayenda nyumba yonse foni ikusintha yokha. Ndi yabwino kwambiri, koma mtengo wake umaluma, ndipo ngati pakati pa timabokosito pali makoma atatu a njerwa, nayonso imafooka.

Chimene ndimalangiza anzanga ndi chingwe. Gulani chingwe cha intaneti cha mtundu wa Cat6, muchidutsitse m'siling'i kapena m'mphepete mwa khoma, kumapeto kwake mulumikize rauta yachiwiri, ngakhale yakale imene ili m'kabati, muiike pa access point mode, kutanthauza kuti izingotulutsa Wi-Fi kuchokera m'chingwecho. Chingwechi chimanyamula intaneti mpaka mamita 100 osataya liwiro, ndipo khoma sichilidziwa. Ntchito yake ndi yotopetsa, kuboola ndi kukhoma timisomali, ndipo a lendi muyambe mwapempha alandilodi. Chikapita ku nyumba ya kuseri, chikhale cha panja ndipo chikwiriridwe mu paipi, chifukwa mphezi za dzinja zimaotcha marauta kudzera m'zingwe zolendewera.

Kumbukiraninso magetsi. Kabokosi kalikonse kowonjezera kamafuna soketi yakeyake. Magetsi a ESCOM akathima, ka UPS (kabatire kosunga magetsi) kamene kali pa rauta yaikulu sikadzutsa extender kapena mesh ya kuchipinda. Pa chingwe pali njira: access point ya PoE imalandira magetsi kudzera m'chingwe chomwecho, ndiye batire imodzi pabalaza imayendetsa zonse ziwiri.