Sitima za CalMac kwa wopalasa njinga ku Outer Hebrides

Anzanga kuno ku Glasgow akamva kuti ine ndi alamu anga tinapalasa njinga pa zilumba za Outer Hebrides, kumadzulo kwa Scotland, funso lawo limakhala la miyendo: kodi sinatupe? Miyendo ndi nkhani yaing'ono. Chimene chimalamula ulendo umenewu ndi sitima zapamadzi, ndiye ndilembe za kampani yoziyendetsa, Caledonian MacBrayne, imene aliyense amangoti CalMac.

Njira yake imatchedwa Hebridean Way. Ndi makilomita 297 kuchokera ku Vatersay kummwera mpaka ku Butt of Lewis kumpoto, kudutsa zilumba 10. Anaitsegulira mu 2016, pamene katswiri wa njinga Mark Beaumont anaimaliza m'maola osapitirira 24, koma ife anthu wamba imatitengera pafupifupi sabata. Zilumba zambiri anazilumikiza ndi misewu yomangidwa pamiyala yothiridwa m'madzi. Malo awiri okha ndiye palibe msewu: pakati pa Barra ndi Eriskay, ndi pakati pa Berneray ndi Harris. Mukaphatikiza yopitira ndi yobwererera, mukwera sitima zinayi, zonse za CalMac. Palibe kampani ina yoti mungasankhe.

Chinandisangalatsa choyamba n'chakuti njinga salipiritsa. Mumagula tikiti ya munthu woyenda pansi, n'kuonetsa pogulapo kuti muli ndi njinga, basi. Tikitiyonso si yoboola m'thumba. Kampaniyi ndi ya boma la Scotland, ndipo kuyambira mu 2008 boma linayamba kuwerengera mitengo yopitira ku zilumbazi potengera ndalama imene munthu akanawononga poyenda mtunda womwewo pamsewu. Ya kuchokera ku Oban, doko la kumtunda, kukafika ku Castlebay pa chilumba cha Barra, ulendo wa maola pafupifupi asanu, inangolingana ndi imene ndinalipira pa chakudya chamadzulo mu lesitilanti ina pa doko lomwelo. Amene ali ndi galimoto amalimbirana malo kudakali miyezi. Wa njinga mavuto akewo ndi ochepa, ngakhale m'chilimwe ndi bwino kugula msanga, makamaka mukakhala gulu.

Pokwera amakuimikani pambali, pa mzere wanuwanu. Bambo wina wovala jekete lachikasu akakukodolani, mumatsika panjinga n'kuikankha pa chitsulo cholowera magalimoto, chimene chimakhala chonyowa ndi choterera, ndiye a nsapato zokhala ndi zitsulo kunsi aziyenda mwaulemu. M'kati muli fungo la dizilo ndi mchere. Amakulozerani khoma, pamene pali zingwe zomangira. Mayi wina wogwira ntchito mmenemo ataona alamu akulimbana ndi mfundo, anangotenga chingwecho, kuchikulunga kawiri pa felemu, n'kuwauza kuti amangenso buleki yakutsogolo ndi mphira kuti njinga isamayende mafunde akayamba. Anatikumbutsanso kutenga majuzi ndi mankhwala, chifukwa sitima ikanyamuka kumene kuli magalimoto amatsekako. Zonsezi anazichita osatikalipira, pamene kumbuyo kwathu kunali lole ikudikira.

Idyani msanga. Maola oyamba sitima yoyamba, yochokera ku Oban, imadutsa pakati pa chilumba cha Mull ndi mtunda, madzi ali phee, ndipo ndi nthawi yabwino yopita kukantini kukagula nsomba ndi tchipisi kapena makaroni a tchizi. Chakudyacho n'chotentha, chokhutitsa, chosadabwitsa. Mukangopitirira nsanja ya nyali ya ku Ardnamurchan nyanja imasintha nkhope, ndipo amene anachedwa kudya mumawaona atagwira mbale ndi manja awiri. Ine ndinakulira ku Nkhotakota, ndinakwerapo Ilala nthawi ya mwera, choncho ndinkadziyesa dolo. Funde la Atlantic ndi lina: lalitali, lochedwa, limakukweza n'kukuiwala m'mwamba. (Paja Ilala yathuyo inapangidwa konkuno, ku Scotstoun m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, mu 1949.) Zolengeza za m'sitima amazinena m'Chigaeliki, chilankhulo cha makolo cha pa zilumbazi, ndi m'Chingelezi, ndipo madzulo mumalowa mu Castlebay mukuona linga lakale la Kisimul litakhala pathanthwe pakati pa madzi.

Yachiwiri, yochokera ku Ardmhor, ku Barra, kupita ku Eriskay, ndi yaing'ono, ya mphindi 40. Ilibe kantini, ndiye tengani kamba wanu.

Imene muyenera kuiganizira kwambiri ndi yachitatu, ya ku Berneray kupita ku Leverburgh, ku Harris. Ndi ola limodzi lokha, koma madzi a pamenepo ndi osaya, odzaza miyala ndi tizilumba. Sitima imayenda mokhotakhota kutsata zizindikiro zoyandama, mwina kulunjika kumene mwachokera, kenako n'kutembenukanso. Khalani panja muone, ndi luso lenileni. Popeza nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa tsiku lililonse, masiku amene yaphwa kwambiri nthawi zonyamukira zimasintha, maulendo ena osachitika n'komwe. CalMac imalengeza masiku amenewa pasadakhale pa webusaiti yake, komanso imatumiza uthenga pafoni mphepo ikasokoneza zinthu. Uthengawo umafika bwino, kungoti netiweki m'madera ena a zilumba za Uist ndi yosadalirika, choncho muziyang'ana foni pamene mwaipeza. Ife tinayamba talemba nthawi za sitima imeneyi papepala, kenako n'kumafunafuna malo ogona mozungulira nthawizo. Mukayamba ndi malo ogona, mudzapezeka mwalipira bedi ku Tarbert, ku Harris, inu muli tsidya lino ku Berneray. Ku Berneray kuli hositelo ya bungwe la Gatliff, nyumba zofolera udzu m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, yotsika mtengo, ndipo kugona pamenepo n'kukwera sitima yam'mawa kumakusiyirani tsiku lonse la Harris. Mudzalifuna tsikulo. Mchenga woyera wa ku Luskentyre sungakuloleni kudutsa osaima, ndipo kupitirira Tarbert kuli chitunda cha m'mbali mwa phiri la Clisham, chimene alamu anachikwera wapansi akukankha njinga, akuyimba nyimbo ya maliro.

Anthu ambiri amayambira kummwera chifukwa mphepo kawirikawiri imachokera kummwera chakumadzulo, ndiye imakukankhani kumsana. Pa zilumbazi mitengo ndi yosowa, palibe pobisala. N'chifukwa chake muyenera kugula tikiti ya ku Oban poyamba, osati ya ku Ullapool, doko lina la kumtunda limene lili kumpoto.

Werengeraninso Lamulungu. Kummwera, ku Barra ndi South Uist, ambiri ndi Akatolika ndipo tsikuli silivuta. Ku Harris ndi Lewis ndi Apresbateria osunga Sabata mwamphamvu, moti masitolo ambiri amatseka. Sitima za Lamulungu zochokera ku Stornoway, tauni yaikulu ya ku Lewis, zinayamba mu 2009, patakhala mkangano waukulu. Lero zimayenda, koma ndandanda yake si yofanana ndi ya m'kati mwa sabata, ndipo buledi mugule Loweruka. Ine mwana wa CCAP sindinadandaule. Ndinalowa m'tchalitchi china kukamva masalimo a Chigaeliki, mtsogoleri akuyamba mzere, mpingo n'kumulandira popanda chida chilichonse.

Mukafika ku Butt of Lewis n'kujambulitsa, musaganize kuti mwamaliza: kudakali makilomita oposa 40 kubwerera ku Stornoway. Kumeneko mumakwera Loch Seaforth, sitima yaikulu ndi yabata, maola pafupifupi awiri ndi theka kukafika ku Ullapool. Apa ndi pamene CalMac imakusiyani, ndipo ku Ullapool kulibe njanji. Mwina mukonzeretu ndi a basi ya ku Inverness za njinga yanu, apo ayi mupalasenso makilomita pafupifupi 50 kukapeza sitima yapamtunda ku Garve.

Kwa munthu wa njinga, kampaniyi ndikuivomereza ndi mtima wonse: mtengo wabwino, antchito odziwa chochita ndi njinga, zimbudzi zaukhondo, ndi malo otchajira foni pa sitima zikuluzikulu. Chokhacho, musakonze zoti mubwere Lamulungu usiku n'kukalowa shifiti Lolemba m'mawa. Pemphani tchuthi chokhala ndi tsiku limodzi lapadera, chifukwa mphepo ikakula kaputeni sanyamuka.