Kawailesi ka sola n'kofunika kwa wophunzira utolankhani

M'kalasi mwathu, ife ophunzira utolankhani kusukulu ya ukachenjede ya MUBAS, ambiri nkhani timazipeza pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Nyuzipepala ya Nation kapena Daily Times timaigwira kulaibulale basi. Koma bandulo ikatha, nkhani nazo zimathera pomwepo. N'chifukwa chake ndinagula kawailesi ka sola mumsika wa Limbe, ndipo anzanga ndikukulimbikitsani kuti mukapeze kanu.

N'kakang'ono, kolowa m'chikwama. Kumsana kwake kuli kagalasi ka sola. Ndikakasiya pawindo masana, madzulo kamalira mpaka ndigone, ngakhale magetsi atazima. Zodiak, MBC Radio 1, Times ndi MIJ FM zimamveka bwino kuno ku Chichiri, bola mukoke mlongoti wake wonse. Chimene ndakakondera kwambiri n'choti nkhani imodzi ndimaimva pa nyumba ziwiri zoulutsira mawu, n'kuona amene wayamba ndi mawu a nduna ndi amene wayamba ndi mlimi wodandaula za mtengo wa feteleza. Pafoni mumangowerenga mutu n'kudutsa. Ngakhale ziganizo zifupizifupi za nkhani za pawailesi zija ndazizolowera pomvera.

Zofooka zilipo. Sipika yake imanjenjemera mukakweza kwambiri, ndipo kachingwe kotchajira n'kosalimba. Nyengo ya chiperoni, dzuwa likabisala, batire silichedwa kutha. Malo oika memori khadi alipo, koma kawailesika sikajambula zimene zikuulutsidwa, pomwe mtolankhani amafuna kubwereza mawu a munthu kuti awalembe molondola.