Zida zotetezera nyumba zodziikira wekha: ndi zabwino, koma zimafuna dongosolo

M'bokosi limene ndinagula munali kachipangizo kolamulira zonse kamene kamalumikizidwa ku rauta (kabokosi kogawa intaneti m'nyumba), masensa a pazitseko ndi pamawindo, sensa imodzi yozindikira munthu akamayenda, kamera ziwiri ndiponso alamu. Ndazigwiritsa ntchito kwa miyezi ingapo tsopano, ndipo ndikuona kuti munthu akhoza kudziikira yekha popanda kuitana katswiri, malinga ngati ayamba walingalira bwino malo a chipangizo chilichonse asanaboole khoma. Kabuku ka malangizo kamafotokoza mwatsatanetsatane za kulumikiza zidazi ku foni, koma nkhani ya malo kamangoikhudza pamwamba, chikhalirecho m'pamene pagona mphamvu ya chitetezo chonse.

Masensa a pazitseko sanandipatse vuto. Iliyonse ili ndi zigawo ziwiri, china chili ndi maginito, ndipo chitseko chikatseguka zigawozo zimatalikirana, uthenga n'kufika pafoni nthawi yomweyo. Mpata wa pakati pa zigawozo uyenera kukhala wochepa kwambiri, makamaka pa mafelemu achitsulo amene amafooketsa maginito. Zomatira zimene zinabwera m'bokosi sizigwira bwino pamalo otentha kapena achinyontho, choncho ndi bwino kumanga ndi masikuluwu.

Sensa ya kuyenda ndiyo imafuna kuiganizira mofatsa. Imazindikira kutentha kwa thupi limene likusuntha, ndipo imagwira msanga munthu wodutsa chopingasa kutsogolo kwake kusiyana ndi amene akubwera molunjika kwa iyo. Pachifukwa chimenechi ndinaiika pakona ya khoma, pafupifupi mamita 2 kuchokera pansi, moyang'ana njira imene munthu aliyense wochokera pakhomo ayenera kudutsa popita kuzipinda. Siiona kudzera pagalasi, ndipo ikayang'anizana ndi windo lolowa dzuwa kapena malo ophikira, alamu imatha kulira popanda chifukwa. Alamu yolira mwachabechabe ndi yoopsa m'njira yake, pakuti anthu a m'nyumba ndi oyandikana nawo amaizolowera, kenako amasiya kuilabadira.

Kamera zake ndi za 1080p (muyezo wa kuoneka bwino kwa zithunzi), ndipo masana nkhope zimaoneka bwino ngati munthu ali pafupi. Usiku zimagwiritsa ntchito kuwala kwa infrared, kosaoneka ndi maso, kumene kumabwerera kukagunda galasi, motero kamera yoikidwa m'kati moyang'ana panja kudzera pawindo imangoonetsa mbuu. Kuikweza kwambiri sikuthandizanso, chifukwa mumangojambula pamwamba pa mutu wa munthu. Zimalumikizika pa Wi-Fi ya 2.4 GHz yokha, imene imadutsa makoma bwino kuposa ya 5 GHz, komabe ndikulangiza kuti muyambe mwaima ndi foni pamalo amene mukufuna kuikapo kamera kuti muone ngati netiweki ikufikapo. Zojambulidwa zimasungidwa pa khadi la microSD, ndipo wofuna kuzisunga pa intaneti amalipira mwezi ndi mwezi. Ine sindikonda malipiro oterewa, ngakhale ndikudziwa kuti wakuba akazula kamera, wapita ndi khadi lomwe.

Chimene sichinandisangalatse kwenikweni ndi nkhani ya magetsi. Kachipangizo kolamulira kali ndi batire lake, kotero magetsi akazima alamu imalirabe, koma rauta imazima ndipo uthenga sufikanso pafoni. Zimenezi sanazilembe poonekera pabokosi, ndipo zinanditengera kugula kabatire kena kapadera ka rauta. Pulogalamu ya pafoni siinandikakamizenso kusintha mawu achinsinsi amene kamera zinabwera nawo, chinthu chimene aliyense ayenera kuchita tsiku loyamba, pamodzi ndi kuyatsa njira yotsimikizira kawiri polowa mu akaunti, imene imafuna umboni wina kuwonjezera pa mawu achinsinsi.

Kwa nyumba yaing'ono kapena ya lendi zidazi zikukwanira, koma amene ali ndi nyumba ya zitseko zambiri awerengeretu zitseko ndi mawindo onse asanagule, chifukwa masensa a m'bokosi limodzi sangamukwanire.