TAE ya ku Mozambique: kupereka mfuti n'kulandira khasu

TAE (Transformação de Armas em Enxadas, kutanthauza kusandutsa zida kukhala makasu) ndi ntchito yolandira zida zankhondo yomwe bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique linayambitsa mu 1995, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu loukira boma la Renamo inali itatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992, asilikali a United Nations anali atapita chisankho cha 1994 chitachitika, koma mfuti zinali zikadali mbwee, m'madenga, m'mapanga ndi m'maenje kuthengo. Ntchitoyi ndi yabwino ndipo ndi yoyenera kutengerapo, koma anthu oitamanda amabisa malire ake.

Kayendetsedwe kake ndi kosavuta. Munthu amene ali ndi chida, kapena amene akudziwa pomwe zida zinakwiriridwa, amatsina khutu ogwira ntchito a TAE, nthawi zambiri kudzera kwa abusa. Safunsidwa kuti mfutiyo anaitenga kuti, ndipo satengeredwa kupolisi. Gulu limapita kukafukula, limodzi ndi wapolisi kapena msilikali wodziwa za mabomba. Mfuti amaidula zidutswazidutswa kuti isadzawombenso, mabomba amakawaphulitsira kutali ndi midzi. Wopereka uja salandira ndalama. Amalandira katundu molingana ndi mtundu wa zida ndi kuchuluka kwake: makasu, njinga, makina osokera, malata, simenti. Njinga zambiri zinachokera ku Japan kudzera ku bungwe la Ehime Global Network.

Kusapereka ndalama kunali nzeru. Ndalama zikanakhazika mtengo wa mfuti, ndipo ena akanayamba kugula mfuti kwina kuti adzagulitse ku mpingo. Nzeru ina inali yoti wolandira zida akhale mpingo. Msilikali wakale wa Renamo sakanayerekeza kulowa ndi AK-47 pa polisi ya boma la Frelimo, koma kwa abusa ankatha kufikako madzulo.

Vuto lalikulu lili pa funso lakuti amapindula ndani. Zida zambiri sizinachokere kwa mlimi amene anasunga mfuti imodzi kudenga. Zinachokera m'maenje akuluakulu, ndipo odziwa maenjewo ndi amene anali akuluakulu a nkhondo, kapena mafumu amene dera lawo linali ndi msasa. Apa mpofunika kukumbukira mbiri ya mafumu a kumeneko. Frelimo itatenga boma mu 1975 inawachotsera mphamvu n'kuika alembi a chipani m'midzi. Renamo inawabwezera ulemu m'madera omwe inkalamulira, ndipo boma linadzawazindikiranso mu 2000 ndi lamulo la Decreto 15/2000. Choncho mudzi umodzi umatha kukhala ndi mfumu, mlembi wa chipani ndi mkulu wa nkhondo wakale, aliyense akufuna kuti katundu adutse m'manja mwake. Malata akafika amapita kwa mwini chinsinsi, pomwe mayi wamasiye amene mwamuna wake anaphedwa ndi mfuti zomwezo salandira kanthu. Pamene TAE inapereka mphotho ku mudzi wonse, monga simenti ndi malata zomangira, nkhani inkayenda bwino, chifukwa anthu ankakakamizana okhaokha kuulula. Njira imeneyi ndiyo inayenera kukhala yoyamba, osati yapatalipatali.

Pali zina zokhumudwitsa. Katundu amadalira opereka thandizo akunja, ndiye akatha munthu amene wapereka kale zida amadikira, ndipo mbiri yoti "a mpingo sakulipira" imathamanga kuposa galimoto yawo. Mfuti zina zofukulidwa zimakhala zadzimbiri, zosawombanso, pomwe zabwino mwini wake wasunga. Ofesi ili ku Maputo, ndipo zaka zoyamba ntchito inachuluka kumwera, kutali ndi Tete ndi Niassa kumene timachita nawo malire.

Chenjeraninso ndi manambala. Mukamva kuti zida mazana a masauzande zinatoleredwa, dziwani kuti chipolopolo chilichonse chimawerengedwa ngati chida pachokha. Mfuti zenizeni ndi gawo laling'ono la chiwerengerocho. Amene akufuna kuyesa ntchito ngati iyi alembe padera mfuti zowomba, mfuti zakufa, mabomba ndi zipolopolo.

Mbali yotchuka kwambiri ndi ya zosemasema. Amisiri a ku Núcleo de Arte ku Maputo amawotcherera zidutswa za mfuti n'kupanga mipando, mbalame ndi mitengo. Mpando wa Cristóvão Canhavato, wodziwika kuti Kester, uli ku British Museum ku London. Zimenezi zinathandiza kupeza ndalama kunja, ngakhale kumudzi sizinasinthe zambiri.

Chomwe TAE sinathe kukhudza ndi zida zomwe atsogoleri ankasunga ngati chitetezo cha ndale. Zimenezo sizigulidwa ndi njinga. Mu 2013 mfuti zinaliranso ku Sofala, ndipo mu 2016 anthu masauzande ochokera ku Tete anathawira ku Kapise m'boma la Mwanza, asanasamutsidwire ku Luwani ku Neno. Panafunika pangano lina, lomwe Filipe Nyusi, yemwe anali pulezidenti wa Mozambique, ndi Ossufo Momade, monga mtsogoleri wa Renamo, anasainira ku Maputo pa 6 Ogasiti 2019, kuti asilikali a Renamo oposa 5,000 atule zida, ndipo msasa wawo womaliza ku Gorongosa unatsekedwa mu Juni 2023.