Mafilimu a Oyimba Achinyamata a ku Italy Amene Ndinagula ku Northmead

Ku Northmead kuli kasitolo kena kamene kamagulitsa mabuku akale, zimbale ndi madisiki, ndipo katundu wake wambiri mwini wake amamugula kwa alendo amene atsiriza ntchito zawo mu Lusaka muno ndipo akulongedza kuti abwerere kwawo. Mwezi watha ndinalowamo kukafuna dikishonale ya mwana wanga, koma ndinatulukamonso ndi madisiki asanu a DVD omangidwa pamodzi ndi labala, onse a mafilimu a ku Italy opangidwa pakati pa 1959 ndi 1967. Silinali bokosi lokonzedwa ndi kampani iliyonse. Mwini sitolo ndiye anawasankha m'katoni imene anagula kwa banja lina, nawaika pamodzi ataona kuti pachikuto cha disiki iliyonse pali mnyamata kapena mtsikana amene akuyimba. Poyamba anatchula K500, ndipo titakambirana tinagwirizana K400. M'katonimo mwatsala madisiki ena ambiri a mtundu womwewu, choncho ndaganiza zofotokoza zimene ndinapeza kuti wina amene angakopeke nawo adziwiretu chimene akugula.

Chimene chinandiimitsa pashelefupo ndi chikumbukiro cha malemu atate anga. Dziko la Rhodesia litadzilengeza lokha kuti ndi lodziimira mu November 1965, mafuta a galimoto a dziko lathu anayamba kubwera pamsewu kuchokera ku Dar es Salaam, ndipo atate anali mmodzi wa amene ankayendetsa malole a Fiat panjira yovuta imeneyo, akugwira ntchito limodzi ndi amakaniko ochokera ku Italy. Anthu a dziko limenelo anali atadziwika kale kuno chifukwa ndiwo anamanga damu la Kariba, limene linatha mu 1959, ndipo ndiwonso anayala paipi ya mafuta ya TAZAMA yofika ku Ndola mu 1968. Atate ankakonda kuimba mluzu nyimbo zimene anamva kwa anzawo aja, ngakhale mawu ake sankawadziwa. Nditaona zikuto zija ndinazindikira kuti nyimbo za m'mafilimuwa ndi za zaka zomwezo, ndipo mwina ndi zimene amakanikowo ankazilakalaka ali kutali ndi kwawo.

Ataliyana amatchula mafilimu otere kuti musicarello, ndipo kapangidwe kake n'kosavuta kumva. Woyimba wachinyamata akatulutsa nyimbo imene yagwira mitima ya anthu, kampani ya mafilimu inkathamangira kulemba kankhani kozungulira nyimboyo, n'kupatsa filimuyo dzina la nyimbo lomwelo, woyimbayo n'kukhala mwini sewero, ndipo zonse zinkachitika mofulumira nyimboyo isanazizire m'makutu mwa anthu. Inali nthawi imene chuma cha Italy chinkakwera msanga, mafakitale a ku Milan ndi ku Turin akukoka achinyamata a kumidzi ya kummwera, ndipo mnyamata wolandira malipiro ake oyamba ankatha kugula kachimbale kakang'ono ka nyimbo imodzi mbali iliyonse. Wailesi yakanema inali itangoyamba mu 1954 ndipo inali ya zithunzi zakuda ndi zoyera zokha, motero amene ankafuna kuona woyimba wake bwinobwino, nkhope yadzaza khoma lonse, ankapita kunyumba yoonetsera mafilimu. Amene akugula madisikiwa ayenera kumvetsa zimenezi asanatulutse ndalama, chifukwa akawagula pofuna nkhani yozama adzakhumudwa. Chuma chake chili m'mawu a oyimba ndi m'chithunzi cha moyo wa achinyamata a nthawi imeneyo.

Disiki yakale kwambiri mwa zisanuzi ndi I ragazzi del juke-box ya 1959, ndipo juke-box ndi makina aja a m'mabala amene munthu ankaponyamo ndalama yachitsulo kuti amuimbire nyimbo imene wasankha. Anaitsogolera ndi Lucio Fulci, amene pambuyo pake anatchuka ndi mafilimu oopsa, ndipo muli Adriano Celentano ali ndi zaka 21 zokha, akugwedeza miyendo ndi mapewa ngati kuti mafupa ake ndi a mphira. Nkhani yake ndi mkangano wa m'nyumba ya mwini kampani ya zimbale, amene amakonda nyimbo zofatsa zachikale, ndi mwana wake wamkazi amene ali kumbali ya oyimba atsopano otchedwa urlatori, kutanthauza ofuula. Filimuyi ndi yosalongosoka, nthabwala zake zambiri zimadalira mawu a Chitaliyana amene sitingawamve, koma ili ndi mphamvu yaiwisi imene inayi inayo ilibe.

Imene ndinaikonda koposa, ndipo yokhayo ikukwanira theka la mtengo umene ndinalipira, ndi In ginocchio da te ya 1964, dzina limene tingalimasulire kuti ndagwada pamaso pako. Gianni Morandi, mwana wa wosoka nsapato wa ku Monghidoro pafupi ndi Bologna, anali asanakwanitse zaka 20 pamene ankaijambula. Akusewera ngati mnyamata wotumizidwa ku Naples kukachita usilikali umene unali wokakamiza kwa anyamata onse, ndipo kumeneko akukondana ndi mwana wa mkulu wake wa asilikali, kenako akusocheretsedwa ndi mtsikana wa banja lolemera, pomaliza n'kubwerera kudzapepesa. Nkhani imeneyi aliyense angailosere filimu itangoyamba, komabe ikafika nthawi yoti mnyamatayo ayimbe kupepesa kwake, mawu ake amakwera mosadzisungira, manja ake aakulu ali m'mwamba, ndipo munthu amaiwala kuti ankadziwa kale mathero. Nyimbo za m'filimuyi anazikonza ndi Ennio Morricone, yemwe uja ambiri a ife timamudziwa chifukwa cha mafilimu a anyamata okwera pamahatchi amene tinkaonera tili ana, ndipo dzanja lake limamveka pa mmene zoyimbira za zingwe ndi makwaya zimanyamulira mawu a woyimba popanda kuwaphimba. Mtsikana wa m'seweroli, Laura Efrikian, anakwatiwadi ndi Morandi mu 1966, ndipo mkazi wanga atamva zimenezi anapempha kuti tiibwereze kuti aonetsetse mmene awiriwo ankayang'anirana.

Chimene chinandigwira mtima m'filimuyi, kuwonjezera pa nyimbo, ndi malo amene makolo apatsidwa. Achinyamata a m'mafilimuwa amavala zachilendo, amavina magule amene akuluakulu sawafuna, amakwera njinga zamoto za Vespa, koma pamapeto pake mnyamata amafikabe pakhomo pa atate a mtsikana atavula chipewa. Nino Taranto, katswiri wa nthabwala wa ku Naples amene akusewera ngati tate wa mtsikanayo, ndi munthu waukali pakamwa koma wofewa mumtima, ndipo amayi anga, amene anaonera nafe ngakhale maso awo sathanso kuthamanga ndi mawu olembedwa m'munsi, anamumvetsa popanda wowamasulira. Anandifunsa kuti, "Kodi mwanawe, kwawoko kulinso ankhoswe?" Ndinawayankha kuti m'filimumo sindinaone ankhoswe, koma iwo anati mnyamata wofika pakhomo mwaulemu chotero ndiye kuti kwawo analeredwa. Uku ndiko kukoma kwa mafilimuwa kwa banja la kuno: mulibe chithunzi chimene chingachititse munthu kuthamangira kuzimitsa wailesi yakanema apongozi ali pomwepo.

Una lacrima sul viso, ndiye kuti msozi pankhope, ndi ya chaka chomwecho cha 1964 ndipo anaitsogolera ndi Ettore Maria Fizzarotti, yemwenso anatsogolera ya Morandi ija. Mbiri ya nyimbo yake ndi yokoma kuposa filimuyo. Bobby Solo anapita nayo kumpikisano wa nyimbo wa ku Sanremo, umene umachitika chaka chilichonse kuyambira 1951, koma pakhosi pake panatupa ndipo anangoyendetsa milomo chimbale chikuyimba, zimene zinamulepheretsa kupambana, komabe chimbalecho chinagulidwa makope oposa miliyoni imodzi. Mawu ake ndi akuya ndi osalala, otengera kwa Elvis Presley, koma kusewera sakutha, ndipo nthawi zonse pamene sakuyimba amaoneka ngati mlendo amene akudikira kuti auzidwe pokhala.

Rita la zanzara ya 1966, kutanthauza Rita udzudzu, ndi yosiyana ndi zinzake zonse, ndipo kusiyanako kukuchokera kwa amene anaitsogolera. Ndi Lina Wertmüller, mayi amene mu 1977 anakhala mkazi woyamba kusankhidwa kupikisana nawo pa mphoto ya Oscar ya wotsogolera filimu. Rita Pavone, kamtsikana kakafupi ka ku Turin ka mawu aakulu kuposa thupi lake, akusewera ngati mwana wasukulu yogonera komweko amene amakonda mphunzitsi wake wa nyimbo, Giancarlo Giannini, munthu wooneka wofatsa masana koma woyimba nyimbo zachinyamata usiku. Muno nyimbo sizingoponyedwa pakati pa nkhani ngati m'mafilimu ena aja. Zavinidwa, zavekedwa zovala, zajambulidwa ndi mitundu yowala, ndipo kamera imayenda limodzi ndi ovina. Mwana wanga wamkazi wa zaka 14, amene poyamba anakana kukhala nafe ponena kuti ndi zinthu za agogo, anakhala mpaka kumapeto chifukwa cha filimu imeneyi. Yachisanu ndi Nel sole ya 1967, mmene Al Bano, mwana wa mlimi wa ku Puglia, akusewera ngati wophunzira wosauka wodzionetsa ngati wolemera kuti akope mtsikana, amene ndi Romina Power, ndipo awiriwa anadzakwatirana mu 1970. Mawu a Al Bano ndi amphamvu zedi, koma nthabwala za Franco Franchi ndi Ciccio Ingrassia zimatenga nthawi yaitali moti ndinayamba kudumpha zigawo zina.

Tsopano ndinene za madisiki enieniwo, chifukwa apa ndi pamene wogula angapwetekedwe. Madisiki a DVD amapangidwira zigawo zosiyanasiyana za dziko lapansi, ndipo makina ena amakana disiki ya chigawo china. Onsewa ndi a chigawo 2, chimene ndi cha ku Ulaya, pamene Zambia ili m'chigawo 5. Makina anga otsika mtengo oonetsera DVD anawalandira onse popanda vuto, koma laputopu inandifunsa kuti ndisinthe chigawo, ndipo kusintha kumeneku kumaloledwa kasanu kokha, kenako makinawo amakhazikika pa chigawo chomaliza. Vuto lalikulu ndi la chinenero. Mwa madisiki asanuwa, awiri okha ndiwo ali ndi mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi, awiri ali ndi a Chitaliyana chokha, ndipo imodzi ilibiretu. Pamene ndinkagula ndinafunsa za chinthu chimenechi, ndipo mwini sitolo anandiyankha kuti, "Bambo, onsewa ali ndi Chingerezi, musadandaule." Sindikukhulupirira kuti anafuna kundinamiza, koma anayankha chinthu chimene sanachiyese, ndipo wogulitsa sayenera kutero. Disiki ya Bobby Solo inalinso ndi mikwingwirima imene inkaimitsa chithunzi pafupi ndi mapeto.

Nditabwerera nayo Loweruka lotsatira, bamboyo sanatsutse. Anaipukuta, anaiyesa pa kawailesi kakanema kamene kali kuseri kwa kauntala, ndipo ataona kuti ikuimabe anandiuza kuti ndisankhe ina m'katoni muja kapena andibwezere K80. Ndinasankha ndalama, ndipo anandipatsa pomwepo, napepesanso za mawu a m'munsi aja. Khalidwe limeneli ndi losowa m'masitolo a katundu wakale, mmene kawirikawiri chimene wagula wagula, ndipo ndi chifukwa chake ndingatumizeko mnzanga mosakayika. Langizo langa ndi lakuti musachoke pakauntala musanaone disiki iliyonse ikuyenda, ndipo mutsegule nokha pamene pali mndandanda wa zinenero.

Za kamvekedwe, tiyenera kudziwa kuti ku Italy nthawi imeneyo mawu a osewera ankajambulidwa padera mu situdiyo zithunzi zitatha kale, choncho milomo ndi mawu nthawi zina sizigwirizana ndendende. Limeneli si vuto la disiki. Nyimbo zokha zimamveka bwino kwambiri, makamaka ndikalumikiza masipika akunja, ndipo zithunzi zakuda ndi zoyera za ku Naples, nyanja ndi phiri la Vesuvius zikuoneka kumbuyo, ndi zoyera bwino kuposa mmene ndinkayembekezera pa mafilimu a zaka 60.

Pali chisoni chimodzi chimene chinandipeza ndikuonera, ndipo sichichokera kwa Ataliyana. Zaka khumi pambuyo pa mafilimuwa, ifenso tinali ndi achinyamata athu ofuula ndi magitala, a gulu la WITCH, a Amanaz, Paul Ngozi ndi Rikki Ililonga, ndipo anthu ankadzaza maholo a ku Kitwe, ku Ndola ndi kuno ku Lusaka kukawaona. Zimbale zawo zilipo ndipo zikugulidwanso kunja, koma palibe kampani imene inawatenga ali anyamata n'kuwaika m'mafilimu otere, ngakhale a nkhani yopepuka, kuti mwana wanga aone mmene ankayendera, mmene ankavalira ndi mmene misewu yathu inkaonekera. Mafilimu a ku Italywa anapangidwa mothamanga pofuna kugulitsa zimbale, ndipo anthu ophunzira a nthawiyo ankawanyoza, koma lero Morandi wa zaka 19 akuyimbabe m'chipinda changa chochezera ku Chilenje.

Kwa amene amakonda nyimbo za zaka za m'ma 1960, kwa wophunzira Chitaliyana amene akufuna kumva chinenerocho chikuyankhulidwa m'nkhani zosavuta kutsatira, ndiponso kwa banja lofuna choonera pamodzi Lamlungu madzulo, madisiki amenewa ndi oyenera mtengo wake, ndipo ndingalangize kuyamba ndi ya Morandi ndi ya Rita Pavone. Ine ndapempha mwini sitolo kuti andisungire Non son degno di te ya 1965, imene ikupitiriza nkhani ya msilikali uja ndi mwana wa mkulu wake, chifukwa amayi akufuna kudziwa ngati ukwati unachitika. Ndikaitenga kumapeto kwa mwezi, ndipo tidzayamba taiyesa pa kawailesi kakanema ka kuseri kwa kauntala kaja.