Kope, WhatsApp kapena msonkhano: makolo a ana athu amamva bwino kudzera pati?

Ndimaphunzitsa Sitandade 3 pa sukulu ya boma ya m'mphepete mwa tauni. Ana anga amachokera m'makomo osiyana kwambiri. Ena makolo awo ali pantchito za m'maofesi, ena amagulitsa tomato ndi makala pamsika, ndipo angapo akuleredwa ndi agogo chifukwa mayi kapena bambo awo anapita ku Joni. Tikakumana ku TDC, malo omwe aphunzitsi a m'dera timakumanirako pa maphunziro a ntchito yathu, aphunzitsi anzanga amakonda kufunsa kuti, "Inu amadamu, makolo mumawapeza bwanji?" Ndayesapo njira zingapo pa zaka zomwe ndakhala ndikugwira choko, ndiye ndati ndiziike poyera momwe ndaziwonera, kuti amene mukuganiza zotsegula gulu la WhatsApp kapena kuitanitsa msonkhano mudziwiretu chomwe njira iliyonse ingathe ndi chomwe singathe.

Poyamba tisiyanitse mauthenga awiri. Pali zolengeza: mawa ana abwere ndi matsache, Lachisanu kuli mpira, sukulu yatsekedwa. Palinso nkhani za maphunziro enieni: sabata ino tayamba kuchotsera kobwereka, mwana wanu akusokoneza b ndi d, mwana wanu wayamba kuwerenga ndime yonse osakakamira. Ambirife timasankha njira poganizira zolengeza zokha, kenako n'kumadabwa kuti kholo limadziwa tsiku la mpira koma silidziwa kuti mwana wake sanayambe kuphatikiza malembo.

Njira yakale kwambiri ndi yotuma mwana pakamwa: "Mukawauze makolo anu." Siidya ndalama, ndipo kwa ana a Sitandade 6 kupita m'mwamba imagwirako ntchito. Kwa ang'onoang'ono uthenga umafika utasintha kapena sufika n'komwe, makamaka ukakhala wowawa. Mukauza mwana kuti akabwere ndi makolo chifukwa chojomba, musadabwe akabwera ndi mchimwene wake wa Fomu 2 amene wamunyengerera panjira. Pa njira iyi sindikhalitsapo.

WhatsApp ndiye yatenga mitima ya anthu, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Mu Januwale 2023, boma litachedwetsa kutsegulira sukulu za mu mzinda wa Blantyre ndi Lilongwe chifukwa cha kolera, makolo amene anali m'magulu a WhatsApp anamva nkhaniyo nthawi yomweyo. Chimodzimodzi mu Malichi chaka chomwecho, namondwe wa Freddy atawomba m'chigawo chakummwera. Uthenga wofulumira ngati umenewo sungadikire kope kapena msonkhano. Chinanso chomwe ndimachikonda ndi uthenga wa mawu. Kholo limene kuwerenga kumalivuta limamvetsera, n'kuyankhanso ndi pakamwa. Poti mabuku sakwanira kuti mwana aliyense apite nalo kunyumba, ndimajambula ntchito ya pa bolodi n'kuitumiza. Ndipo kwa mayi amene ali ku Johannesburg, gulu ndilo zenera lokhalo lowonera zomwe mwana wake akuchita m'kalasi. Mmodzi wa iwo anandiimbira atawona chithunzi cha zojambula za ana zomwe tinamata pakhoma, akufunsa kuti ya mwana wake ndi iti.

Koma tsiku lina ndinatenga rejisitala n'kuchonga ana amene makolo awo ali pagulu. Mwa ana opitirira 80, sanakwane ndi theka lomwe. Chomwe chinandipweteka mtima ndi choti mayina omwe ndinachonga anali a ana omwe kale amabwera ndi mapensulo, amalemba homuweki, ndipo amakhoza. Amene ndimagona ndikuwaganizira, ojomba Lolemba lililonse ndi obwereza kalasi, makolo awo panalibepo. WhatsApp imafuna foni yamakono, bandulo ya Airtel kapena TNM, netiweki ndi potchajira. M'makomo ambiri foni yotere ndi imodzi, imakhala m'thumba la bambo amene amalawira m'bandakucha n'kubwera ana atagona, pomwe wosambitsa mwana ndi kumukonzekeretsa ndi mayi kapena agogo. Mphunzitsi akatumiza uthenga n'kuwona timizere tiwiri tabuluu, mtima umakhala m'malo ngati wauza kalasi yonse, chikhalirecho wauza okhawo amene anali kale pafupi ndi sukulu.

Palinso mavuto a m'gulu momwemo. Mukalisiya lotseguka, pakatha sabata ziwiri ladzaza ndi malonda a zitenje, mavesi a m'mawa ndi mikangano ya ndale, uthenga wa sukulu n'kukwiririka. Ine ndinatseka kuti otumiza akhale ma adimini okha, ine ndi makolo awiri, ndipo wofuna kufunsa za mwana wake amandilembera pandekha. Zinthu zitatu sindiika pagulu ngakhale makolo atapempha: malikisi a ana ndi mayina awo, mayina a makolo omwe sanasonkhe, ndi chithunzi cha nkhope ya mwana popanda kufunsa kwawo. Chinthu chikalowa pagulu chimayenda mpaka komwe simunaganizire, ndipo mwana wolephera amasanduka nkhani ya pachitsime. Ndinawauziratunso makolo kuti sindidzapempha ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, kuti wina akadzawaimbira monamizira sukulu kuti mwana wavulala atumize ndalama msanga, adzayambe afunsa. Dziwaninso kuti nambala yanu ikapita kwa makolo, foni imalira ngakhale 9 koloko usiku, ndipo bandulo imachokera m'thumba mwanu.

SMS ndi kuimba foni zimafika patali kuposa WhatsApp, chifukwa kafoni ka mabatani kali pafupifupi khomo lililonse, kapena kwa neba. Vuto la SMS ndi malo. Uthenga umodzi umatenga zilembo 160, ndipo mawu a Chichewa ndi aatali, ndiye moni ndi ziganizo ziwiri basi malo atha. Mukalembamo ŵ wa kachipewa uja, malowo amatsika kufika pa zilembo 70, uthenga umodzi n'kusanduka iwiri kapena itatu, mayunitsi n'kumapita. Manambala nawonso amasinthasintha. Omwe munalemba mu Sepitembala potsegulira chaka, pofika teremu yachitatu ena salowanso. Kuimba ndimakusungira chinthu chimodzi: mwana akajomba masiku atatu otsatizana. Mphindi imodzi yokha imakuuzani ngati ndi malungo, maliro, kusowa sopo wochapira yunifomu kapena ganyu. Makolo ena amangofulasha podikira kuti muwaimbire, ndipo ine ndimaimba, chifukwa kholo lofulasha mphunzitsi lili ndi nkhani.

Tsopano ndifike pa kope, lomwe ndimalikonda koposa ngakhale likuwoneka lachikale. Lachisanu lililonse, ola lomaliza, ndimalemba mizere itatu pa bolodi ndipo ana amakopera kumapeto kwa kope lawo la Chichewa. Mzere woyamba: zomwe taphunzira sabata ino. Wachiwiri: chinthu chimodzi choti kholo limufunse mwana kunyumba. Wachitatu: zomwe zikubwera sabata yamawa. Pansi pake pamakhala malo oti kholo lisayine, lidinde chala, kapena lingolemba mtanda. Lolemba kope limabwerera.

Wina anganene kuti nanga makolo osadziwa kuwerenga? Apa m'pamene pali phindu lalikulu la njirayi. Lamulo langa ndi loti mwana ndiye awerengere kholo mokweza. Chiyambireni National Reading Programme, ndondomeko ya boma yolimbikitsa kuwerenga, mu 2016, takhala tikulimbikira maliwu a malembo ndi maphatikizo m'makalasi ang'onoang'ono, koma m'kalasi ya ana 80 mwana mmodzi angapeze kangati mpata wowerenga yekha mokweza pa sabata? Kunyumba, pakhonde, ali ndi womvetsera wake yekha. Agogo sangadziwe ngati chilembocho ndi b kapena d, koma amamva bwino lomwe ngati mdzukulu akuwerenga mosadodoma kapena akungolota. Amadziwa okha momwe mwana alili popanda ine kuwauza. WhatsApp imafikitsa mawu anga kwa kholo, mwana osakhudzidwa. Kope limakhazika mwana ndi kholo pamphasa imodzi. Ndipo popeza mpaka Sitandade 4 ana amamva bwino zinthu zikafotokozedwa m'Chichewa, mizere itatuyo ndimailemba m'Chichewa ngakhale ikukamba za phunziro la Chingerezi.

Zovuta zake zilipo ndipo sindizibisa. Ana a Sitandade 1 sangakopere mizere itatu, ndiye anzanga a kumeneko amafunika timapepala tofotokopa kapena thandizo la ana a makalasi akuluakulu. Kuwona makope 80 Lolemba m'mawa n'kosatheka. Ine ndimawona mzere umodzi wa ana patsiku, pofika Lachinayi ndamaliza. Ena amasayina okha, koma mukamufunsa kuti, "Agogo anati chiyani utawawerengera?" nkhope imaulula. M'dzinja makope amanyowa, ena amang'ambidwa masamba akumapeto. Ndipo pa nkhani yadzidzidzi kope silithandiza konse. Sukulu ikatsekedwa mawa, kope lilibe miyendo.

Za misonkhano ndili ndi maganizo awiri. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, pomwe chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, makalasi athu sanachepenso, ndipo mphunzitsi sangayendere khomo lililonse monga amachitira akale. Msonkhano unalowa m'malo mwa kuyenderako. Koma msonkhano waukulu wa makolo ndi aphunzitsi (PTA), uja amaitanitsa ahedi ndi komiti ya sukulu, nthawi zambiri umathera pa njerwa, zimbudzi ndi malipiro a mlonda. Ndi nkhani zofunika, koma kholo limabwerera kwawo osamva liwu limodzi la zomwe mwana akuphunzira, ndipo ena amaleka kubwera poganiza kuti kuitanidwa kusukulu ndiye kuti kukufunika ndalama. Tsiku lotsekera nalo limabwera mochedwa. Lipoti likafika kunyumba funso limakhala limodzi: "Wakhala nambala chani?" Teremu yatha, palibenso chokonza.

Msonkhano wa kalasi imodzi ndi wina. Ndimauchita pakati pa teremu, mphindi 40 zokha, ndipo ndimanenetsa poitana kuti za ndalama kulibe. Makolo amakhala m'malo mwa ana awo, kope la mwana lili m'manja. Ndimawawonetsa pa bolodi momwe timaphunzitsira maphatikizo, kuti akamathandiza kunyumba tisamakokane. Kenako amene ali ndi nkhani yapadera amatsalira. Nkhani yoti mwana sakuwona bwino pa bolodi, kapena wayamba kukhala duu osasewera ndi anzake, siyolemba m'kope kapena kutumiza pa foni. Imafuna kuyang'anana m'maso. Chovuta ndi kusankha tsiku. Tsiku la msika musayerekeze. Mu Disembala ndi Januwale anthu ali kumunda kupalira ndi kubandira, Lachisanu masana Asilamu ali kumzikiti, ndipo maliro akagwa m'mudzi msonkhano wafa. Ngakhale mutasankha bwino, alipo makolo amene sadzabwera.

Amenewo ndimawapeza kudzera mwa anthu. Amayi a mother group, gulu la amayi a m'dera lothandiza kuti ana asasiye sukulu, amadziwa khomo lililonse, amadziwanso mtsikana amene wayamba kujomba ndi chifukwa chake. Kusukulu komwe kuli phala, kaya la Mary's Meals lomwe linayamba kuno ku Malawi mu 2002 kapena la mabungwe ena, amayi ophika amafika kusanache ndipo amabwerera m'midzi yonse yozungulira. Mawu omwe mwawapatsira pa mphika amafika tsiku lomwelo. Amfumu akalengeza pabwalo, kapena chilengezo chikawerengedwa kutchalitchi ndi kumzikiti, anthu amachitenga mwaulemu kuposa uthenga wa pa foni. Chenjezo langa ndi limodzi: njira iyi ndi yoitanira, osati yofotokozera. Ndimangoti, "Mukawauze amake uje kuti aphunzitsi akufuna kucheza nawo." Zofooka za mwana sindizipatsira munthu wachitatu, ngakhale akhale wokhulupirika chotani.

Ndiye mukandifunsa kuti ndisankhe chimodzi, ndisankha kope, chifukwa ndi lokhalo lomwe limalowa m'nyumba ya mwana aliyense, wolemera ndi wosauka, sabata iliyonse. Gulu la WhatsApp ndikadali nalo, koma ndi la zolengeza basi, ndipo chilichonse chomwe ndatumizapo ndimachinenanso m'kalasi ndi kwa amayi a phala. Foni ndi ya ojomba. Msonkhano wa kalasi ndi kamodzi pa teremu.

Kope linandiphunzitsanso kulemba mawu omveka kunyumba. Sabata ina ndinalemba kuti taphunzira kuchotsera kobwereka. Lolemba m'mawa agogo ena anafika atagwira kope la mdzukulu wawo, chala chawo chitadindidwa kale pansi ndi inki ya bolopeni. Anati, "Amadamu, mwanayu wandiwerengera bwinobwino, koma ndati ndidzamve ndekha. Wabwereka chiyani, kwa ndani?" Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ndinatola timitengo n'kumanga m'mitolo ya khumikhumi, ndipo tinachotsera limodzi 17 pa 52, kumasula mtolo umodzi kuti timitengo tikwane. Anaseka, n'kunena kuti zimenezo amachita tsiku lililonse pobweza chenji cha mandasi. Kuyambira pamenepo, mzere woyamba uliwonse ndimauikira chitsanzo chimodzi cha manambala kapena mawu, ndipo agogowo amatumiza kope lili ndi masamu ena awiri omwe amufunsa mdzukulu wawo pamtima, iye n'kulemba yekha.