Pioneer SX-780, NAD 3020 kapena ampu ya ma valve: iti ingakhale m'nyumba ya ku Blantyre?

Zida zakale zoimbira nyimbo zikupezekabe m'mashopu a katundu wogwirapo kale ntchito ku Limbe ndiponso kwa amisiri a mawayilesi ku Ndirande. Zina zimabwera m'makontena ochokera ku UK, zina zinatsala m'nyumba za makolo amene anagwirapo ntchito ku Joni ndi ku Harare. Ogula ambiri akafika amangofunsa kuti, "Ili ndi ma watt angati?" Ine funso limenelo ndimalifunsa pomalizira. Choyamba ndimatembenuza ampuyo, chida chokuza mawu n'kuwatumiza ku masipika, n'kuwerenga kumbuyo kwake.

Magetsi athu ndi a 230V, 50Hz. Ampu yochokera ku UK kapena ku South Africa imagwirizana ndi magetsi amenewa popanda vuto. Yopangidwira msika wa ku America imafuna 120V, ya ku Japan 100V, ndipo mukaipulaga mosayang'ana, utsi wake mudzaumva musanamve nyimbo. Zina zili ndi kaswitchi kosinthira mphamvu ya magetsi kumbuyo. Onani pamene kaloza. Ngati palibe, muwerengeretu mtengo wa thiransifoma yotsitsa magetsi. Komanso risiva (ampu yokhala ndi wayilesi mkati) yakale ya ku Japan FM yake imathera pa 90MHz, vuto lomwe lija la mawayilesi a m'magalimoto a ex-Japan, choncho masiteshoni ambiri a kuno simuwagwira.

Pioneer SX-780 inatuluka mu 1978 ndipo ndi imene imakopa maso. Nkhope yasiliva, mabatani olemera pogwira, timita tiwiri tovinavina nyimbo ikamalira. Imapereka 45W mbali iliyonse pa sipika ya 8 ohm, ili ndi wayilesi mkati momwemo ndi polumikiza choimbira mbale. Pabalaza palikulu monga pa nyumba zakale za ku Sunnyside kapena ku Namiwawa imadzaza mawu mosavutikira. Chimene chimandikayikitsa ndi mtima wake. Mphamvu yake imatuluka m'tizipangizo tiwiri totchedwa STK-0050, timene Sanyo inasiya kupanga kalekale. Kamodzi kakapsa, zimene zili pamsika lero zambiri n'zabodza, zolembedwa dzina lomwelo koma zosapirira kutentha. Mmisiri akhoza kukhala waluso ndithu, koma ngati chipangizocho palibe, ampu yokongolayo imangokhala pashelefu miyezi.

NAD 3020 inatuluka chaka chomwecho. Pamaonekedwe siinganene kanthu: yotuwa, mabatani a pulasitiki, yopanda wayilesi, ndipo papepala ndi ya 20W basi. Ambiri amaipitirira chifukwa cha nambala imeneyi. Komatu Bjørn Erik Edvardsen, amene anaikonza, anaipanga kuti izikankha masipika ovuta, a 4 ohm omwe, popanda kufooka ng'oma ikagunda mwadzidzidzi. M'chipinda chochezera cha nyumba za ku Chitawira kapena ku Nkolokosa, 20W imeneyi ndi yokwanira mpaka aneba kudandaula. Mawu ake ndi ofunda, osabaya khutu, ndipo kwaya kapena gitala yopanda magetsi imamveka ngati oimbawo alowa m'nyumba. Chimene ndimaikondera kwambiri n'chakuti mkati muli ma transistor wamba, 2N3055 ndi MJ2955, amene mmisiri aliyense wa mawayilesi anawagwirapo. Ndikuchenjezeni chimodzi: kumbuyo kwake kuli tizitsulo tiwiri topindika tolumikiza preamp, mbali yolandira mawu ndi kusintha voliyumu, ndi mbali yotulutsa mphamvu. Tikasowa, ampu imayaka koma siilankhula, ndipo wogulitsa akhoza kuiyesa yakufa pamene ikungofuna kachingwe ka RCA.

Yachitatu ndi ya ma valve, timachubu tagalasi tokuza mawu m'malo mwa ma transistor, monga Leak Stereo 20 ya mu 1958, ya ma valve anayi a EL84 opereka pafupifupi 10W mbali iliyonse. Kukoma kwa mawu ake sindikutsutsa. Koma imatentha, ndiye ganizani mwezi wa Okutobala m'nyumba ya malata. Mkati muli magetsi opitirira 300V, si malo oti mwana apisemo chala. Imafuna preamp yapadera, ma valve ake n'kuitanitsa kunja, ndipo siiyenera kuyatsidwa masipika asanalumikizidwe chifukwa thiransifoma yotulutsa mawu ikhoza kupsa. Kuthima ndi kuyakanso kwa magetsi mwadzidzidzi sikugwirizana nayonso. Amene akungoyamba kumene, ineyo sindingamulimbikitse.

Komabe zonsezi sizithandiza ngati masipika sakugwirizana ndi ampu, ndipo apa m'pamene ndalama zambiri zimatayikira. Pali nambala ziwiri zoyenera kuzidziwa. Yoyamba ndi ya ma dB, yosonyeza kukula kwa mawu amene sipika imatulutsa ikapatsidwa 1W. Kuti mawu akwere ndi 3dB pamafunika mphamvu yowirikiza kawiri. Ndiye kuti sipika ya 92dB pa ampu ya 10W imafuula mofanana ndi ya 86dB pa ampu ya 40W. Leak ija imafuna masipika a 90dB kupita m'mwamba. Timasipika tating'ono totsekeka, timene anthu amaganiza kuti n'tosavuta, nthawi zambiri nditomwe timadya mphamvu, ndipo timayenda bwino ndi Pioneer kapena NAD.

Yachiwiri ndi ya ma ohm: akachepa, sipika imakoka magetsi ambiri kuchokera ku ampu. Ma risiva ambiri a zaka za m'ma 1970 amakondwa ndi 8 ohm. Mukalumikiza masipika anayi a 8 ohm n'kusankha A+B kuti onse alire pamodzi, ma ampu ambiri amaona 4 ohm mbali iliyonse. Akakhala a 4 ohm onse, yatsikira pa 2 ohm, ndipo apo m'pamene STK zija zimapsera. Chilembo chikafufutika, yezani ndi multimeter: sipika ya 8 ohm imasonyeza cha m'ma 6, ya 4 ohm cha m'ma 3. Ampu ya ma valve yokha ndiyo imasinthidwa kuti igwirizane ndi 4, 8 kapena 16 ohm.

Musakhulupirirenso zoti ampu yaing'ono singaotche sipika yaikulu. Mukaikweza kupyola mphamvu zake, mawu amasweka, ndipo kuswekako n'kumene kumapha twita, kasipika kakang'ono kotulutsa mawu okwera. Mukamva kukhadzula m'mawu, bwezani voliyumu. Ma watt zikwizikwi a PMPO, muyeso wokokomeza wa mphamvu ya kanthawi kochepa, olembedwa pamakatoni a zida zatsopano musawayerekeze ndi awa. 45W ya Pioneer ndi mphamvu imene imatuluka mosalekeza.

Popita kukagula tengani multimeter ndi nyimbo imene mumaidziwa bwino. Ampu ya ma transistor iyake mphindi khumi voliyumu ili pansi, kenako yezani magetsi a DC polumikizira masipika kumbuyo kwa ampu. Ikakhala pansi pa 50mV zili bwino. Ikafika m'mahandiredi, musalumikize sipika yanu. Chotsani nsalu yakutsogolo kwa sipika n'kukhudza mkombero wa besi. Wa siponji umafumbutuka ndi ukalamba, ndipo chinyezi cha dzinja ndi chiperoni zimaufulumizitsa. Wa raba kapena wansalu umakhalitsa. Kankhani koni pang'onopang'ono ndi zala: ikamakhula, mwina koyilo inapsapo. Kulira kwa "mmmm" kosatha kumaloza ma capacitor ouma, amene pa msinkhu wa zaka zoposa 40 ngofunika kusintha ndithu.

Ndalama zikanakhala zanga ndipo zonse zitatu zili patebulo limodzi, ndikananyamula NAD ndi masipika a 8 ohm monga Wharfedale Diamond. Pioneer ndingaitenge pokhapokha mmisiri atatsegula n'kunditsimikizira kuti STK zake n'zoyambirira, ndipo ndingaipatse masipika awiri okha. Wofuna zoimbira pa chinkhoswe kapena pa ukwati asazunze iliyonse mwa izi, abwereke za PA. Ndipo imene mungasankheyo, magetsi akathima izuleni pakhoma, mudikire akhazikike musanaiyatsenso.